Yankho kwa amayi a ku Bembeke amene akufuna kukayenda wapansi njira ya ku Santiago

Amayi ena a ku Bembeke alemba motere: "Ndili ndi zaka 58. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Ireland akufuna anditenge mu 2027 tikayende ulendo wa chikhulupiriro wapansi wopita ku Santiago ku Spain. Ine kuyenda sindikuopa, ndakula ndikuyenda, koma ndimamwa mankhwala a BP komanso bondo lakumanzere limandivuta kukazizira. Ndikonzekere bwanji, ndinyamule chani, nanga ndingakwanitse?"

Amayi, mungakwanitse ndithu, ndiyambe ndi pamenepo kuti mtima ukhale m'malo. Panjira imeneija ndinakumana ndi azigogo oposa inu kutalitali akuyenda bwinobwino. Koma mawu anu aja akuti kuyenda simukuopa ndi amene andipangitsa kuti ndilembe zambiri chonchi, chifukwa nanenso ndinanyamuka pa Dedza pano ndi mawu omwewo ndipo mapazi anga anakaonako zakuda. Ife kuyenda timayendadi, kumunda, kuchigayo, kumsika, kumaliro mudzi wachitatu, koma timayenda titavala patapata kapena nsapato zoti phazi likupuma, katundu ali pamutu, ndipo mawa lake timagwira ntchito ina thupi n'kubwerera m'malo. Uko ndi zina. Mumayenda makilomita 20 lero, mawa 20 ena, mkuja chimodzimodzi, phazi lili mu nsapato yotseka tsiku lonse, katundu ali kumsana, pansi pali miyala, pena tala, pena matope. Chimene chimagwetsa anthu si tsiku loyamba ayi, ndi lachitatu, nde kukonzekera kwanu konse kukhale kokonzekera tsiku lachitatulo.

Choyamba mugwirizane ndi mwana wanu kuti mukayambira pati, chifukwa njira zopita ku Santiago de Compostela ndi zambiri ndipo munthu amayambira pamene wafuna. Yotchuka kwambiri ndi Camino Francés, imayambira ku Saint-Jean-Pied-de-Port m'dziko la France, kuoloka mapiri a Pyrenees, kudutsa Pamplona, Burgos, León mpaka kukafika, makilomita pafupifupi 780, kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ndipo imatenga mwezi wathunthu ndi masiku ena pamwamba. Imeneyo kwa ulendo woyamba, ndi bondo limenelo, ine sindingakulimbikitseni. Kayambireni pa tauni ya Sarria, panjira yomweyo koma chakumapeto. Kuchoka pa Sarria kukafika ku Santiago ndi makilomita pafupifupi 115, ingoganizani kuchoka pa boma pano kupita ku Lilongwe kenako n'kuwonjezera ena 30. Ndipo musaone ngati mwachita zachidule kapena mwabera, satifiketi ija amaitcha Compostela, yolembedwa m'Chilatini, imaperekedwa kwa aliyense amene wayenda wapansi makilomita osachepera 100, nchifukwa chake anthu ochuluka amayambira pa Sarria pomwepo.

Mabuku ambiri amaugawa ulendowu masiku 5: Sarria kukagona ku Portomarín makilomita 22, mawa lake ku Palas de Rei 25, kenako ku Arzúa 29, kenako O Pedrouzo cha m'ma 19, tsiku lomaliza cha m'ma 20 kulowa mu Santiago. Onani pamene 29 uja wagwera, ndi tsiku lachitatu lomwe lija, komanso njira yake ndi ya zitunda zing'onozing'ono zosatha, kukwera kutsika kukwera kutsika. Inu muliduladule tsiku limenelo, mukagone pa Melide pamene ndi pakatikati, 15 lero 14 mawa, ulendo wonse ukhale wa masiku 6. Olo masiku 7 palibe amene akakufunseni. Mwana wanu ndi wachinyamata komanso tchuthi chake kuntchito n'chowerengeka, mwina afuna muthamange, muuzeni poyera kuti liwiro la ulendowu likhala la bondo lanu.

Za chaka mwasankhacho, 2027 ndi Chaka Choyera ku Santiago. Chimakhalapo pamene tsiku la Yakobo Woyera, 25 Julaye, lagwa Lamulungu, chomaliza chinali 2021 ndipo chifukwa cha Covid anachitalikitsa mpaka 2022. M'chaka chotere amatsegula Khomo Loyera la tchalitchi chachikulu chimene muli manda amene mwambo wa Mpingo umati ndi a mtumwi Yakobo mwana wa Zebedayo, uja anaphedwa ndi lupanga pa lamulo la Herode pa Machitidwe 12. Ndi chaka chabwino kupitako koma dziwani kuti anthu akakhala ngati nyerere. Mu 2023, chaka wamba, anthu oposa 440,000 analandira Compostela, nde ganizani za Chaka Choyera. Pewani Julaye ndi Ogasiti, kumatentha komanso ndi nthawi ya tchuthi ku Ulaya konse, malo ogona amavuta. Ine ndingasankhe kumapeto kwa Meyi, kumayambiriro kwa Juni, kapena Sepitembala. Dera limeneli, Galicia, ndi la mvula, olo mu Juni imatha kugwa, nthawi zambiri yowaza ngati chiperoni chathu chija ndi chifunga cha m'mawa, munthu wa ku Bembeke sangadabwe nazo. Zoona zake mukaona zinthu zambiri zokukumbutsani kwanu, minda ya chimanga ndi kachewere, ng'ombe zikudutsa pamsewu, nkhokwe zawo zazitali zomangidwa pamwamba pa miyala kuopa makoswe, ndipo mukadutsa Arzúa mukalowa m'nkhalango za bulugamu fungo lake lomwe lija la kuno. Chodabwitsa ndi dzuwa basi, mu Juni limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, koma wotchi yanu musaisinthe chifukwa miyezi imeneyo nthawi ya ku Spain ndi ya kuno zimafanana.

Tsopano nsapato, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ulendo umakomera kapena kuipira. Ine ndinalakwitsa chonchi: kutatsala masiku ochepa ndinagula majombo atsopano olemera, wogulitsa atandiuza kuti amenewo ndiwo a kumapiri, ndinangowayesa m'sitolo n'kuwaika m'chikwama. Tsiku lachitatu madzulo nditavula sokosi inali itamatirira kuchidendene, matuza awiri ataphulika ndipo lina linali pansi pa chala chaching'ono, m'mawa kuti ndiponde pansi misozi inalengeza. Ndinamaliza ulendo nditavala masandasi ndi masokosi, majombo ali lendelende kuchikwama. Inu zisakuchitikireni zimenezi. Njira ya ku Sarria sifuna majombo, ikufuna nsapato yopepuka yothamangira kapena yoyendera, yokhala ndi mapazi okhakhala pansi kuti isaterere. Pa kaunjika zimapezeka zabwino kwambiri, kungoti muisankhe mofatsa: ipindeni muone ngati guluu sakusiya, dinani ndi chala mkati pa chidendene muone ngati sipanaphwe, yang'anani pansi ngati sinadyeke mbali imodzi chifukwa yodyeka mbali imodzi imapotoza bondo. Kayeseni masana phazi litatupa kale, mutavala masokosi amene mukayendere, ndipo ikhale yokulirapo ndi saizi imodzi, chala chachikulu chisagunde kutsogolo mukamatsetsereka. Mukaipeza muyende nayo miyezi iwiri kapena itatu musananyamuke. Mwana wanu akanena kuti akugulirani ina yodula mukakumane nayo konko, mukaneni mwaulemu, kapena atumize msanga muyambe kuivala kuno.

Masokosi atatu, osati a kotoni chifukwa kotoni amasunga thukuta ndipo phazi lonyowa ndi limene limachita matuza. M'mawa uliwonse musanavale pakani Vaseline pakati pa zala, kuchidendene ndi m'mbali mwa phazi. Mukayenda maola awiri khalani pansi, vulani nsapato ndi masokosi omwe, mapazi apitidwe mphepo mphindi 10, ngati sokosi yanyowa sinthani, yonyowayo muimange kuchikwama ndi pini iziuma mukuyenda. Ndipo mukangomva penapake pakutentha ngati mwaponda phulusa lamoto, imani pompo olo anzanu akusiyeni, matani pulasitala thuza lisanatuluke, chifukwa anthu ambiri amati ndikaona tikafika, pofika kuja thuza lakhwima kale. Zikhadabo muwenge kutatsala sabata, osati usiku wonyamukira. Ngati mulinso ndi shuga, thuza musamaliboole nokha, pitani ku famase kapena kuchipatala, m'matauni onse ndatchulawa mafamase alimo ndipo mapazi a anthu oyenda ndi ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Kukonzekera thupi muyambe kutatsala miyezi 5 kapena 6, ndipo mwayi wanu ndi woti mukukhala malo abwino kuposa anthu ambiri amene amapita kumeneko, kuno ndi kokwera, kuli zitunda, kumazizira. Yambani ndi ola limodzi katatu pa sabata mutavala nsapato zija. Pakatha mwezi onjezerani Loweruka ulendo wa maola atatu, chikwama chili kumsana muli mabotolo a madzi kuti chilemere, chifukwa mapewa a munthu wozolowera kusenza pamutu amadabwa ndi malamba a chikwama. Kenako tsiku lina nyamukani m'mawa kuchoka ku Bembeke wapansi mpaka pa boma, mupume, mudye, mubwerere. Kwerani msewu wa m'phiri la Dedza kangapo, osati kuti mukafike pamwamba pa mamita 2,198 ayi, cholinga ndi kutsika, chifukwa bondo lovuta limalira potsika osati pokwera. Ndipo mwezi womaliza chitani chinthu chimene ambiri amachidumpha: yendani masiku atatu otsatizana, makilomita 15 kapena kuposa tsiku lililonse, nsapato zomwezo chikwama chomwecho. Pamenepo ndi pamene mudziwe zoona za thupi lanu mukadali pafupi ndi kwanu. Yendani m'njira za m'midzi, m'mbali mwa M1 mathiraki ndi ambiri. Ndikukumbutseninso kuti ku Spain magalimoto amayenda kumanja, nde pamene njira yalowa mumsewu inu muziyenda kumanzere kuti muziwaona akubwera, ndipo poloka muziyamba kuyang'ana kumanzere, mutu umaiwala zimenezi ukatopa.

Za BP ndi bondo pitani kuchipatala musanayambe n'komwe zoyeserera zija, muwauze adokotala chimene mukufuna kukachita, akuyezeni. Pemphani kalata ya m'Chingerezi yolemba mayina enieni a mankhwala anu ndi mlingo wake, mutenge okwanira ulendo wonse ndi ena a sabata imodzi pamwamba, ali m'mapaketi ake, ndipo akhale m'kachikwama kokwera nako m'ndege osati m'sutikesi. Ngati ena mwa mankhwala anu ndi okodzetsa aja, dziwani kuti thupi limauma msanga mukamatuluka thukuta, muzimwa madzi pang'onopang'ono njira yonse osadikira ludzu. Chinanso chimene ndikufuna mumvetse, panjira paja anthu amagawana bulufeni ngati maswiti, wina akangoona mukutsimphina akupatsani. Bulufeni, diclofenac ndi indosidi amatha kukweza BP komanso kuvutitsa impso, makamaka munthu akuuma thupi, nde musamwe musanafunse adokotala anu, funsani kuno kuti bondo likadzauka mudzamwe chani. Ndodo ndi yofunika, ziwiri ndi bwino kuposa imodzi, zimachotsa katundu pa bondo potsika. Kutsetsereka kolowera ku Portomarín kumafuna ndodo ndithu, ndipo mukangooloka mlatho wautali wa pa mtsinje wa Miño mukapeza masitepe akukudikirani. Tauni imeneyo anaisamutsira pamtunda m'zaka za m'ma 1960 atamanga damu, tchalitchi chake anachiphwasula mwala umodziumodzi n'kukachimanganso, mukayang'anitsitsa pakhoma manambala amene analemba pa miyala akuonekabe. Ndodo zachitsulo nthawi zambiri sazilola m'manja m'ndege, mukhoza kukagula pa Sarria pomwepo. Nambala ya ngozi kumeneko ndi 112.

Katundu, lamulo limene oyenda ambiri amatsatira ndi loti chikwama chisapose gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa thupi lanu, ngati mumalemera makilo 70 ndiye makilo 7 madzi ali momwemo. Zovala ziwiri zoyendera, china mwavala china mwachapa, juzi imodzi, jekete ya mvula yophimba ndi chikwama chomwe, chipewa, masandasi a madzulo, sopo mmodzi wosambira ndi kuchapira, kolona, basi. Chitenje musasiye, tengani ziwiri, chimagwira ntchito ya thaulo, ya nsalu yofunda, ya katani pa bedi, chovalira pamene pali anthu, komanso chokhalira pansi popuma. Ufa ndi kapoto zisiyeni, ndikudziwa mtima ukufuna, koma kilo iliyonse mukaimva m'bondo. Nsima kulibe sabata imeneyo koma simukagona ndi njala, kuli buledi, mazira okazinga pamodzi ndi kachewere amene amati tortilla, supu wa nyemba, kachewere ndi masamba amene amati caldo gallego, nkhuku, nsomba, mpunga. Malo odyera ambiri ali ndi chakudya cha oyenda cha mtengo umodzi, cha m'ma euro 12 mpaka 15 pamene ndinkadutsako. Kungoti amadya mochedwa, chamadzulo cha m'ma 8 koloko, ndipo Lamulungu masitolo ambiri amatseka, nde muzikhala ndi nthochi ndi mtedza m'thumba. Bondo likavuta pali njira ina, a positi ya ku Spain, Correos, ndi makampani ena amanyamula chikwama kuchoka pamene mwagona kukachisiya pamene mukagone, mumalipira ma euro ochepa pa tsiku, inu n'kuyenda ndi kachikwama ka madzi ndi mankhwala. Palibe chamanyazi pamenepo, chimene chimafunika ndi choti inuyo muyende ndi mapazi anu.

Kogona, nyumba za oyenda amazitcha albergue. Za boma la Galicia ndi zotchipa, cha m'ma euro 10, koma sasungitsa malo, amene wafika msanga ndi amene wapeza bedi, amatseka chitseko 10 koloko usiku ndipo pofika 8 koloko m'mawa mukhale mutatuluka. Ndikuuzeniretu kuti musakadzidzimuke, m'chipinda chimodzi mumagona anthu ambiri amuna ndi akazi pamodzi, mabedi osanjikiza, mkonono usiku wonse. Kwa mayi ngati inu, m'chaka cha anthu ambiri chotere, ine ndingakonde mwana wanu asungitsiretu malo m'ma albergue a anthu wamba kapena tizipinda ta anthu awiri miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo anene kuti mukufuna bedi lapansi. Ndalama imakwererapo koma mumayenda mtima uli phee, osathamangira bedi ndi bondo lotupa. Mukafika yang'anani m'mphepete mwa matiresi, nsikidzi ziliko ku Ulaya komwe, ndipo chikwama musamaike pa bedi.

Mapepala ndi amene angakulepheretseni ulendo musanaponde n'komwe, nde yambani msanga. Ndi pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, limene Spain ilimo. Ireland sili mu Schengen, choncho chilolezo chokhalira ku Ireland pachokha sichimulowetsa mwana wanu ku Spain, ngati akuyendera pasipoti ya kuno nayenso afunika viza yake, ndipo ngati akufuna mukadutsire kwawoko imeneyo ndi nkhani inanso ya mapepala ena. Pasipoti ikhale yoti ikugwirabe ntchito miyezi itatu kupitirira tsiku lobwerera, pafunika inshuwalansi ya zachipatala yofika ma euro 30,000, umboni wa kogona, tikiti yobwerera ndi umboni wa amene akulipira. Amalola kupempha kutatsala miyezi 6, musadikire mwezi womaliza. Kalata ya abambo mfumu a parishi yanu yofotokoza za ulendowu ndi yabwino kuikapo. Mukatera ku Madrid pali sitima yopita chaku Sarria, mukatera ku Santiago komweko mukwera basi yodzera ku Lugo.

Pali kabuku kena kamene ndi kofunika ngati pasipoti yomwe, amati credencial. Mumakagula pa Sarria ndi ndalama yochepa, ndipo m'makilomita 100 omalizawo mumayenera kudinditsa zidindo ziwiri tsiku lililonse, kutchalitchi, pa albergue, olo pamene mwamwera tiyi. Kasungeni mu pepala la pulasitiki kasanyowe, ndi kamene mukaonetse ku ofesi ya oyenda ku Rúa Carretas kuti akupatseni Compostela. Chipilala cholemba makilomita 100 mukachidutsa tsiku loyamba lomwelo musanafike ku Portomarín, kuchokera pamenepo galimoto ayi, mukatopa gonani pamene mwafika mawa mupitirize. Kusochera musaope, njira yonse ili ndi mivi yachikasu pa miyala, pa makoma ndi pa mitengo, ntchito imene anaiyamba wansembe wa ku O Cebreiro, mudzi wina wa pa Camino Francés, bambo Elías Valiña, m'zaka za m'ma 1980, komanso zipilala zokhala ndi chizindikiro cha chigoba cha m'nyanja. Mukayenda mphindi 15 osaona muvi bwererani pamene munauona womaliza.

Poti mukupita ngati mkhristu osati wokaona malo, chikhululukiro chapadera cha Chaka Choyera chimafuna kuti mukafike mu tchalitchimo, mupemphere, mulape komanso mulandire Ukaristia, ndipo kulapako kumaloledwa mkati mwa masiku 15 musanafike kapena mutafika. Nde ngati Chingerezi kapena Chisipanishi chingakumangeni lilime, kalapeni kwanu ku Bembeke m'Chichewa kutatsala tsiku limodzi kapena awiri kuti munyamuke, masiku akwanira. Tsiku lomaliza nyamukani ku O Pedrouzo kusanache ngati mukufuna Misa ya oyenda ya 12 koloko masana, apo ayi fikani mofatsa mukalowe ya madzulo kapena ya mawa lake, ine ndingasankhe zimenezo. Zikwama zakumsana salola kulowa nazo mu tchalitchi, mukazisiye kaye kogona. Chofukizira lubani chachikulu chija, Botafumeiro, sachiyendetsa Misa iliyonse, mukachiona thokozani, mukapanda kuchiona musakhumudwe. Ndipo a mphakati wanu akupatsani mapemphero ambiri oti mukawatulire, alembeni pa kapepala kamodzi mukaike m'kabuku ka zidindo kaja, ine ndinkawerenga mayina anga m'mawa uliwonse ndisanamange zingwe za nsapato ndipo pa zitunda za ku Arzúa ndi mayina amenewo amene ankandiyendetsa.

Sabata ino pitani kuchipatala kaye, Loweruka mukafunefune nsapato. Mukayenda nazo milungu itatu mundilemberenso mundiuze mmene bondo likumvekera m'mawa wotsatira tsiku limene mwatsika phiri, ngati likutupa kapena likungouma, ndi pamene tidzaone ngati tikugawireni masiku 6 kapena 7.